Khutu la Bambo a Magalamafoni

Pali bambo ena okonza magalamafoni omwe salankhula chimbale chikamazungulira. Amatsinzina, chala chili m'mbali mwa makina ngati namwino womvetsera mtima. Amakonda kunena kuti, "Nyimbo ikamadzandira, musathamangire kutukwana mota."

Tsiku lina kunabwera mayi amasiye ndi galamafoni yawo komanso chimbale chomwe amuna awo anaimbamo. Mawu a malemuwo ankakwera n'kutsika ngati a chidakwa, chonsecho mowa sanaulawepo.

Mkamwini wa bambowo anagoneka foni pamakinawo, n'kutsegula pulogalamu yoyeza liwiro. "Bambo, manambala akuti palibe vuto. Mwina ankaimba choncho."

Mayiwo anagwetsa nkhope.

"Foniyo sinaname, yayeza makina," anatero bambowo. "Nanga chimbalechi yachiyeza?"

Anamvetsera chitazungulira katatu kokha. Bowo la chimbalecho silinali pakati penipeni. Analipala ndi katupa mbali imodzi, pang'ono ngati kuwenga chikhadabo, n'kuchikhazikanso. Mawu anawongoka.

Mayiwo anagwira pakamwa. "Ndi iwowa. Ankaimba chonchi akamasita malaya."

Mpaka lero mkamwiniyo akayeza makina, amayamba wayang'ana nkhope ya apongozi ake asanawerenge manambala.