Kabokosi ka Phokoso Pabwalo pa Malume

Malume anga, omwe aliyense amangowatcha a Telala, amakhala m'nyumba yomaliza pokwera chitunda, pamene msewu umasanduka kanjira. Akhala pamenepo zaka makumi atatu, ndipo khumi zomalizazi ali okha chimwalirire akazi awo. Ana awo awiri anapita kutali, foni amaimba mwa apo ndi apo. Kale pakhonde pawo pankadzaza anthu odzayezetsa madiresi ndi mayunifolomu, koma kaunjika atachuluka, aliyense anayamba kuona kuti chitundacho n'chachitali. Masiku ano amangosoka zigamba ndi kuika mazipi, ndipo Loweruka lililonse amatsikira kumsika kukapereka zomwe asoka n'kutengako zina.

Chaka chatha kampani ina inafuna kuimika pachitundapo nsanja zopukusa magetsi ndi mphepo, zija zamapiko atatu. Asanakumbe dzenje ngakhale limodzi, panabwera anthu ofufuza za chilengedwe. Ena ankawerenga mbalame ndi mileme, ena ankalemba nyumba, chifukwa nsanja siinkayenera kuyandikira nyumba yokhalamo anthu, kuopa phokoso la mapiko. Olemba nyumbawo anafika kwa malume Loweruka, n'kupeza loko pachitseko ndi udzu pabwalo. Atafunsa kumunsi, wina anangowayankha kuti kumtundako sikupita munthu. Pamapu analembapo kuti bwinja, ndipo nsanja yachisanu ndi chiwiri anaiika kuseri kwa khitchini yawo penipeni.

Ndine ndinawatsina khutu malume, nditaona mapuwo atakhomedwa pakhoma la holo. Ndinachita kuimba foni, kukwera sindinakwere, ndisaname. Malume anavala jekete lawo la maukwati ndi maliro n'kupita kumsonkhano umene kampaniyo inaitanitsa, kumene anaimirira n'kunena kuti bwinja likunenedwalo ndi iwowo, ndipo akupumabe. Anthu anafa ndi phwete. Mayi amene ankatsogolera kafukufukuyo sanaseke. Anapepesa, nalonjeza kubweretsa kabokosi koyezera phokoso kamene amaika panyumba iliyonse yoyandikana ndi nsanja, kuti adziwe mmene malo amamvekera mapiko asanayambe kuzungulira.

Kanali kabokosi kotuwa, ka miyendo itatu, kokhala ndi siponji kumutu. Mayiyo anakaimika pakati pa bwalo, nawapempha kuti kwa milungu iwiri asakagwire ndiponso asachite phokoso lachilendo pafupi nako. Apa ndi pamene zinalakwikira. Malume ndi munthu woti ukamuuza kuti nsalu isade, amasamba m'manja katatu. Iwo anamva kuti kabokosiko kamadana ndi phokoso, basi. Makina osokera anawafunditsa nsalu. Wailesi anaichotsa mabatire. Tambala wawo wolongolola anapita naye kumsika, mahinji a chitseko anawathira mafuta, ndipo chifuwa chikawagwira ankathamangira kuseri kukatsokomolera m'chipewa. Milungu iwiri yonse ankayenda monyang'ama ngati m'nyumba muli wodwala.

Zotsatira zinaonetsa mphepo, mvula ndi mbalame, kwinako kuli zii. Abwana a kuofesi, omwe zosuntha nsanja sizinkawasangalatsa kale, anati umboni ndi umenewo, mkuluyo ayenera kuti amakhala kwa achibale n'kumangodzaonekera. Anafuna mboni, munthu amene analowa m'nyumbamo chaka chimenecho. Mayi uja anaimbira ine, poti ndine mwana wa mlongo wawo. Ndinawerengetsa m'mutu n'kupeza kuti ndinalowamo komaliza zaka zitatu zapitazo. Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sanandisiyebe.

Mayiyo anakwera yekha chitundacho, n'kumva zomwe malume anachita. Anaimikanso kabokosi pamalo pomwepo.

"Bambo, ulendo uno khalani monga mumakhalira masiku onse. Sokani, tsegulani wailesi, lankhulani."

"Ndilankhule ndi ndani, mayi?"

Sanafunse modandaula ayi. Anafunsa monga amafunsira kasitomala kuti thalauza lifike pati. Mayiyo akuti anayang'ana bwalo lonse, kenako n'kuwauza kuti alankhule ndi aliyense amene angapezeke.

Amene anapezeka ndi kabokosiko. Malume anatulutsira makina pakhonde, nayamba kusoka uku akukalankhula. M'mawa ankakapatsa moni. Anakafotokozera za diresi loyamba limene anasokera akazi awo, lomwe mkono umodzi unatalika, za bondo lomwe likuwavuta, ndi za ana omwe amati abwera mwezi wamawa chaka chilichonse. Mayi uja atawauza pafoni kuti kabokosiko sikasunga mawu, kamangoyeza kukwera ndi kutsika kwa phokoso, iwo anati palibe vuto, ngakhale malemu akazi awo sankamva zonse.

Ulendo wachiwiriwu mizere papepala inkalumpha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Abwana aja anagonja. Mawu oti bwinja anafufutidwa, ndipo nsanja yachisanu ndi chiwiri anaisunthira kuseri kwa chitunda.

Tsiku lodzachotsa kabokosi ndinakwera nawo galimoto ya mayiyo, chifukwa pankafunika wachibale wosayinira. Tinapeza udzu utalambulidwa mozungulira miyendo itatu ija, ndi mpando wa malume uli chapafupi, koma osakhudza, monga anawauzira. Mayiyo anawafotokozera kuti apambana, nyumba yawo yalembedwa kuti ndi ya munthu. Malume anathokoza bwinobwino, maso ali pakabokosi.

"Koma zoyezazo zakwanadi? Ngati abwana sanakhutire, kasiyeni sabata inanso. Sikandivutitsa m'pang'ono pomwe."

Mayiyo anayankha motsitsa mawu kuti kakufunika kumalo ena. Malume anagwedeza mutu, nathandiza kupinda miyendo ija. Anakanyamula okha mpaka kugalimoto, n'kukagoneka pampando wakumbuyo, atayala kansalu kuti kasagundike panjira.

Atatseka chitseko anatembenukira kwa ine n'kundifunsa ngati nanenso ndikutsika ndi galimoto yomweyi. Ndinayang'ana mkati. Chikwama changa chinali pampando wakutsogolo, pomwe ndinachisiya pofika.