Tinasamuka Sukulu Isanafoleredwe

Ndikukumbukira tsiku lomwe bambo anga, a Mwale, anabwera kuchokera kumaliro akuimba mokondwa, mpaka amayi anawayang'ana kawiri n'kufunsa ngati womwalirayo wadzuka. Anali atapita kwawo, cha kwa Simlemba, kukaika msuweni wawo. Ife tinkakhala kwawo kwa amayi, kufupi ndi Chisemphere, kumene bambo anali mkamwini kuyambira tisanabadwe. Njinga anangoitsamiritsa pa chigafa, ija nyumba yopanda makoma yoyanikamo fodya, n'kukhala pansi fumbi lili mbuu kumapazi, ndipo madzi akumwa anawaiwala m'manja.

Nkhani inali yakuti boma likumanga sekondale yoyendera kumunsi kwa bwinja la agogo anga. Makoma anali atafika m'mawindo. Mphunzitsi wina pamaliropo anawauza kuti sukuluyo idzatsegulidwa chaka chamawa, ndipo idzatenga ana okhawo amene alembera mayeso a Sitandade 8 m'mapulayimale oyandikana nayo. Ine ndinali nditangoyamba Sitandade 8, ndipo mayina a olemba mayeso ankayenera kulembedwa mwezi wotsatira. Bambo analibe wotchi, choncho mtunda anauyeza m'njira yawoyawo. Anaima pabwinjapo, n'kuyamba nyimbo ya m'buku la kutchalitchi ya mavesi asanu, akuyenda. Anaiimba katatu, ndipo pothera pa vesi lomaliza anali atagwira njerwa za sukulu. "Katatu basi, Nabanda," anawauza amayi. "Ndipotu sindinathamange."

Tonse tinayang'ana kwa achemwali anga a Esinati, amene ankasenda mtedza osadzutsa mutu. Iwo anakhoza mayeso zaka zitatu m'mbuyomo, n'kusankhidwira kusekondale yomwe inali kutali kwambiri moti nyimbo ya bambo ikanatha mawu asanafike theka la njira. Ankanyamuka nkhuku zikungotsika, n'kubwera dzuwa litapendeka, miyendo itatupa. Mvula itakhwima, mtsinje wa pakati unadzaza milungu itatu, ndipo madzi ataphwa achemwali sanabwererenso. Siketi yawo yobiriwira ya yunifolomu anaipinda n'kuiika pansi penipeni pa sutukesi, ndipo aliyense pakhomo ankadziwa kuti siyokhudza. Njira yomweyo ndiyo inkandidikira ine, ndipo ndinkaiopa kuposa njoka.

Amayi anavomera nthawi yomweyo. Koma mkamwini sangonyamula mkazi ndi ana ngati akunyamula makasu ake. Kuti atitengere kwawo, bambo ankayenera kukapempha chitengwa kwa mwini mbumba, mchimwene wa amayi, amalume a Gidiyoni. Musaganize kuti anali munthu woopsa, ayi. Anali wanthabwala, wokonda tiyi wa shuga wambiri, ndipo msana unkawapweteka chaka chilichonse nthawi yeniyeni yosoka fodya. Chigafa chawo ankachikonza ndi bambo. Mizere yawo yoyamba ankaunga ndi bambo. Kuwapempha kuti alole a Mwale achoke kunali ngati kupempha munthu kuti abwereke dzanja lake lamanja.

Bambo anagwira tambala wathu wofiira, n'kupita naye limodzi ndi nkhoswe yawo Loweruka masana. Ine ndi achemwali tinabisala kuseri kwa nkhokwe, ati tikupeta chimanga, lichero lili gwaa osagwedezeka. Apa ndipo bambo anga analakwitsa, ndipo analakwitsa chifukwa cha ulemu. Mkamwini wabwino salasa nkhani pamutu. Anayamba ndi mvula ya chaka chatha, anadutsa pa mtengo wa feteleza, anafika pa minda ya bambo awo yomwe yagonera, anazungulira pa manda a kwawo osowa wolambula. Za sukulu anangozikhudza kumapeto, mwa apo ndi apo, ngati chinthu chomwe anachiona podutsa. Dzina langa sanalitchule n'komwe, poopa kuoneka ngati akulamula pa ana a eni ake.

Amalume anaseka za sukuluyo. "Alamu, sukulu yopanda denga? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo." Kenako anamwa tiyi wawo, anausa moyo ngati munthu amene wapereka ng'ombe, n'kunena kuti alola. Koma khomo la mlongo wawo lisazime moto, mwana wamkazi mmodzi atsale asunge mudzi. Esinati ndi wamkulu, apite akathandize makolo ake kumanga. Atsale ndi wamng'onoyu, Lusiya.

Lusiya ndine. Lichero linandipulumuka, chimanga n'kumwazika, nkhuku n'kuchita phwando. Mawu a mwini mbumba anali atatuluka pamaso pa nkhoswe, ndipo tambala anali atalandiridwa kale. Pofika madzulo anali mu mphika wa azakhali, akazi a amalume, fungo lake likutipeza pakhomo pathu ngati likutiseka. Banja lonse linali litaloledwa kusamukira kusukulu, kupatula mwana wa sukuluyo.

Ndinalira, sindinama. Ndinalira mpaka mamina, ndipo ndinawakwiyira bambo anga kwa nthawi yoyamba m'moyo. Amayi nawo sanawasiye. Anawauza kuti azungulira ngati galu wofuna pogona mpaka agona pa minga. Bambo anangotenga makeni awo awiri n'kupita kudimba kukathirira nazale ya fodya, yomwe anali atafesa kale milungu iwiri m'mbuyomo. Mbewu zinali zitangomera, tinthu tobiriwira tating'ono ngati nsabwe pansi pa udzu wophimbira. Nazale nayo inali vuto lina, chifukwa siisamuka, ndipo imafuna madzi m'mawa ndi madzulo mpaka mvula itagwa.

M'mawa mwake, tisanapite kutchalitchi, achemwali anamanga chitenje n'kundiuza kuti nditenge makeni aja ndiwatsate. Tinatunga madzi kudimba, iwo n'kundisenzetsa onse awiri odzaza, kuti tidutse nawo pakhomo pa amalume. Ndinali wowonda ngati bango. Pofika pakhondepo ndinali nditanyowa mpaka m'chiuno, madzi atatsala theka, ndikupuma ngati mbuzi yothamangitsidwa. Achemwali anagwada patali, naombera m'manja, n'kuyankhula mofatsa, koma mosazungulira ngakhale pang'ono.

"Amalume, wosunga mudzi wanu ndi ameneyu. Muoneni. Nazale ya bambo athirira ndani? Nanga msana ukadzayamba, fodya wanu adzasoka ndani? Uyu singano ya fodya imamubaya yekha. Nditsale ndine, uyu apite akalembetse mayeso."

Amalume anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ine ndikudontha pabwalo pawo. Anayang'ana chigafa chawo, chomwe chinali chitapendekera kale mbali imodzi. Anakanda kumutu, n'kunena kuti iwo chiyambire ankatanthauza Esinati yemweyo, kungoti achikulire akamayankhula ana amamva mwaphuma. Palibe anawatsutsa. Pobwerera ndinkadumpha ngati mwanawang'ombe, makeni akulira mbali zonse, ndipo ndi pokhapokha titafika kunyumba pomwe ndinaona kuti achemwali sanayankhule njira yonse.

Tinasamuka sabata yomweyo pa ngolo yobwereka. Pabwinja la agogo tinapeza mitengo iwiri ya mango, chulu, ndi udzu wa nsonthi mpaka m'mawondo. Tinagona kaye m'khitchini mwa abale a bambo, uku bambowo akuumba nyumba ya chipinda chimodzi. Anthu kumeneko Chichewa amachisakaniza ndi Chitumbuka, ndipo anzanga a kupulayimale yatsopano anandiseka mwezi wathunthu chifukwa chosadziwa kuyankha moni wawo. Ndinalibe nazo ntchito. Dzina langa linali litalowa m'kaundula wa mayeso kutatsala masiku anayi, ndipo tsiku lililonse poweruka ndinkadzera kusekondale kuja kukaona pomwe afika. Amisiri anandizolowera mpaka ankanditcha kapitawo. Ndinaona mitengo ya denga ikukwera, ndinamva fungo la simenti yaiwisi ndi la penti, ndipo tsiku lomwe anakhoma malata oyamba ndinathamangira kumunda kukauza bambo ngati kwabadwa mwana.

Mvula yeniyeni inagwa Disembala atayamba. Bambo anakwera njinga madzulo omwewo kupita kwawo kwa amayi kukatenga mbande, chifukwa fodya amawokera nthaka ikadali yonyowa, ukachedwa masiku awiri wataya chaka. Anthu a m'mudzimo ankapukusa mitu. Ati mbande za fodya siziyenda ulendo wa tsiku lonse, zikafika zitafota ngati ndiwo zofutsa. Ine ndi amayi tinatha tsiku lotsatiralo tikukumba mapando m'mizere, maso ali kumsewu. Ndinkadziwa kuti mbande zikafa, banja lonse ligona ndi njala chaka chimenecho chifukwa cha sukulu yanga.

Ngolo inatulukira dzuwa litapendeka, ng'ombe zili thovu kukamwa. Woyendetsa sanali bambo. Anali achemwali, ataimirira, chikwapu m'manja, bambo akubwera pambuyo akukankha njinga m'matope. Mbande anazizula mbandakucha atathirira mabedi kwambiri, n'kuziimika m'madengu mizu ili ndi dothi lake, n'kuphimba ndi masaka onyowa. Pa mtsinje uliwonse ankaima kuti anyowetsenso. Titavundukula dengu loyamba, masamba anali chilili, obiriwira, onunkhira dothi la kwathu. Amayi analulutira mpaka agalu a m'mudzi anauwa, ndipo aja ankapukusa mitu anabwera ndi ana awo kudzatithandiza kuwokera.

Dengu lomaliza ndinatsitsa ndine. Masaka anali atawathera, ndiye analiphimba ndi nsalu ina yonyowa, yodzaza matope ndi ndowe za ng'ombe. Nditaitambasula ndinaona zipi ndi mapindiro ake. Inali siketi yobiriwira ija ya pansi pa sutukesi. Ndinaima nayo m'manja ngati chitsiru, madzi akudontha m'zigongono. Achemwali anangondilanda, kuifinya, n'kuiponya pa ngolo. "Imasunga madzi bwino kuposa saka," anatero. "Tiye, kukuda, mbande sizidikira." M'mawa mwake anabwerera kukasunga mudzi.

Fodya uja anagwira, pafupifupi phando lililonse. Nthaka yogonera ija inabereka masamba aakulu ngati a nthochi, ndipo bambo anamanga chigafa chatsopano chachitali kuposa nyumba yathu. Ine ndinkasoka fodya buku lili pamwendo, mpaka masamba a buku la sayansi anada ndi utomoni. Mayeso ndinalemba zala zikunuka fodya.

Zotsatira zitatuluka, aphunzitsi aakulu anamata pepala pachitseko cha ofesi, ndipo tinapanikizana pamenepo ngati nkhuku pa madeya. Dzina langa linalipo, pansi pa dzina la sekondale yatsopano ija. Ndinaliwerenga katatu, n'kuligwira ndi chala kuti lisathawe. Bambo atamva anavula chipewa pakati pa msewu n'kuyamba kuvina, munthu woti ndi mkulu wa mpingo. Tsiku lotsegulira tinali ife oyamba kukhala pa madesiki aja, mapulasitiki asanachotsedwe n'komwe. Ndinanyamuka pakhomo nditadya, dzuwa litatuluka kale, ndipo m'njira ndinaimba nyimbo ya bambo ija kuti ndione ngati sananame. Ndinafika pageti ndili pa vesi lachiwiri la ulendo wachitatu. Ine ndiye ndinathamanga.

Lero ndine mlangizi wa zaulimi, ndipo ndikamaphunzitsa alimi kanyamulidwe ka mbande ndimaseka ndekha, chifukwa zomwe zili m'buku ndinaziona kale pa ngolo. Amalume a Gidiyoni akalamba, ndipo aliyense wowachezera amamuuza kuti sukulu yanga anaiganiza ndi iwo. Zinthu zasintha. Makolo masiku ano amafunsirana pa foni kuti sekondale yatsopano ikumangidwa kuti, ena amachita lendi kanyumba pa tauni kuti mwana ayandikire, ndipo za chitengwa ambiri amangokambirana awiri m'nyumba, tambala osaphedwa. Kwawo kwa amayi nakonso boma linamanga sekondale, kutsidya kwa dimba lomwe lija kunali nazale.

Achemwali akadali pakhomo paja, moto sunazime. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 2 pasukulu imeneyo, ndipo yunifolomu yake ndimasoketsa ndine, palibe wina amaloledwa. Ulendo wapitawu ndinawafunsa ngati sizinawawawe kutsala. Anati zinawawawa kwambiri, ndipo tsiku lomwe ngolo yathu inanyamuka analira kudimba mpaka makeni anawaiwala konko. Kenako analoza kutsidya, kumene belu linali kulira, n'kundiuza kuti mtunda anauyeza kale ndi nyimbo ya bambo. Mwana wawo amafika vesi loyamba lisanathe.