Mng'ono Wanga M'bokosi Lofunda

Mwana wanga wagula kamakina koswela mazila. Lelo nditakatsegula, mpweya wofunda wa kafungo ka nthenga unandiomba kumaso, ndipo ndinakumbuka bokosi la atate ku Kacholola.

Linali la matabwa, lofunditsidwa ndi nyale ya palafini. M'mawa ndi madzulo atate ankatembenuza mazila limodzilimodzi, ine nditawagwilila chivindikilo.

Chaka china atate anathamangila ndi amai ku chipatala ku Petauke mimba isanakwane miyezi. Atate anabwelako okha, maso ali psuu.

"Wabadwa mng'ono wako," anatelo. "Koma ndi wochepa kwambili. Amuika m'bokosi lofunda."

Sindinadabwe ayi. Ndinkadziwa zimene zimakhala m'bokosi lofunda. M'maganizo ndinkaona dzila lalikulu loyela, iye ali m'kati akugogoda chigoba. Chinandivuta chinali chimodzi, ndipo ndinawafunsa madzulo tikutembenuza mazila.

"Atate, inu muli kuno. Nanga akumutembenuza ndani?"

Anaima, dzila lili m'manja. Sanaseke.

"Amai ako akumutembenuza."

"Atuluka liti?"

"Tidikile, mwana wanga."

Anapiye anatuluka, anamela nthenga, mpaka anayamba kupalasa pabwalo. Kenako tsiku lina amai anatsika basi atafukata kamwana m'chitenje. Ndinasuzumila kuti ndione ngati tizigoba tatsalila m'tsitsi mwake. Munalibe. Kadzanja kake kanangogwila chala changa n'kukakamila.

Nditakula m'pamene amai anandiuza kuti pamene ndinkafunsa zija, anamwino anali atauza atate kuti asafulumile kumupatsa dzina.