Loya Haugstveit ndi Famu ya Mlongo Wake

Kuchigwa kwathu kuno amati a Eilif Haugstveit analuza dala mlandu wa mlongo wawo. Pitani kusitolo mukagule khofi, nkhaniyo akupatsani ngati basera. Akuti loya wosagonja uja akanagonja bwanji pa tsiku lomwe wodandaula anali mwana wake? Ine Mikkel sukulu ndinaisiyira panjira, ndimangoyendetsa lole ya mkaka, koma lole ya mkaka imaima pakhomo lililonse. Mverani ine.

A Eilif anabadwira pa famu, mwana wamwamuna yekhayo, koma ng'ombe ankaiona ngati chilombo. Bambo awo anawakweza sitima ya ku Oslo kukaphunzira malamulo, mlongo wawo Aslaug n'kutsala ndi khola. Anakama, anamweta udzu m'mapiri, anadwazika makolo, banja osalowa. Mkuluyo ali pafupi kutsamaya anamulembera famu Aslaug, a Eilif n'kusaina kuti alibe nayo mawu.

Zaka zonsezo a Eilif ankadyera odel, lamulo lathu lija lakuti malo a makolo amaomboledwa ndi wamagazi amene ali patsogolo, ndipo ana a mwamuna amayamba, mkazi pambuyo. Mabanja angati amene anawakwezetsa katundu pangolo! Madzulo, pa nsomba ndi mbatatesi, ankamusimbira zonse mwana wawo Jostein, foloko ili m'mwamba: "Siginecha ya bambo simanga mwana. Usaiwale."

Mwanayo sanaiwaledi. Agogo ake atangoikidwa anakwera kufamu ndi mkazi wake wapakati. "Azakhali, mwatopa. Ndabwera kudzaombola malo."

M'mawa mwake Aslaug anakwera lole yanga. Ndinayesa nthabwala zanga zonse, ngakhale ija ya abusa ndi mbuzi, koma iye sanaseke. Ku ofesi ya a Eilif ndinamunyamulira dengu, ndiye ndinamva ndekha.

"Achimwene, ine kugona kwina sindikudziwa. Ndikadzuka osamva ng'ombe, ndifa."

"Mlongo wanga, lamulo lili kwa iye."

"Nanga sukulu ija ndinakukamirani inali ya chiyani?"

A Eilif anautenga mlanduwo. Mkazi wawo Borghild sanazungulire: "Bambo a Jostein, mukakaima kutsutsa mwana wanga, mbatatesi muziphika nokha."

Lisanafike tsiku la kukhothi, a Eilif anapita kwa Jostein, chipewa chili m'manja, chipale chofewa chikuwagwera padazi. Munthu amene oweruza ankamunjenjemera anapempha ngati wofuna moto. "Mwana wanga, dikira. Azakhali ako akalamba, famu idzakhalabe yako."

"Mwaiwala, bambo? Nthawi yoombolera ikadutsa, basi, zapita. Munandiuza ndinu."

M'khothi a Eilif analankhula mpaka mawu kusasa. Anatchula ng'ombe, anatchula manja a Aslaug, anawakwezetsa kuti woweruza aone ming'alu yake. Loya wa Jostein, kamnyamata ka ziphuphu, sikanavutike n'komwe. Kanangowerenga milandu yakale imene a Eilif anapambana, mawu awo omwe, umodziumodzi. Pa wachitatu a Eilif anakhala pansi, nkhope ili mbuu ngati tchizi.

Famu inapita. Borghild naye anapita komweko, akuti kukalera mdzukulu, mpaka lero akulerabe. Aslaug a Eilif anamupatsa kachipinda ka pamwamba pa ofesi. Sanafe ayi, koma sindinganene kuti ali moyo. Mbandakucha amatsika n'kuima pamsewu kudikira lole yanga.

"Mikkel, yofiira ija yabereka?"

"Mapasa, mayi, onse ofanana ndi abusa."

Saseka. Yofiirayo Jostein anaigulitsa kalekale, ndipo ndikuganiza kuti akudziwa.

A Eilif milandu ya odel anaisiya, amangolembera nkhalamba makalata ogawira chuma chamasiye. Mbatatesi amaphikadi okha, fungo la kupserera limafika mpaka kutchalitchi. Mdzukulu wawo amamuona Lamlungu, kumbuyo kwa mutu kokha, mabenchi angapo kutsogolo.

Tsiku lina ndinawapeza pakhomo akupala poto. Pakamwa panga mumapadziwa.

"A loya, akuti mlandu uja munaluza dala, kuti mwana adye."

Sanadzutse mutu. "Dala? Mlandu uja ndinauluza patebulo langa, mwana akadali wa kabudula. Tsopano chotsa chilole chakocho, ukundiliritsira mlongo."