Mchere wa Mayi Elsie

Mayi Elsie Nangondo a ku Khombedza anakwatiwa ndi msilikali, ndipo ukwati wa msilikali ndi kudikira basi. Amuna awo, a Mose, anali m'gulu la asilikali a Keyala. Nkhondo yachiwiri itabuka mu 1939 boma linawaitananso, imvi zitayamba kale, akuti asajeni akale ndiwo adziwa kuwongola anyamata. Anakwera sitima pa Salima, mayi Elsie n'kubwerera kukapalira thonje.

Zaka zonsezo analima okha mpunga kudambo, anakwatitsa mwana wawo Gladys, analera adzukulu. Kutchalitchi sankajomba, kaya matope afike m'mawondo. Nyimbo ankayambitsa ndi iwo, ndipo mawu awo anali aakulu moti ogona kumbuyo ankadzidzimuka. Pakamwa analinso nawo, tisabise. Munthu akawaponda chala ankamva za agogo ake tsiku lomwelo.

A Mose anabwera mu 1946 kuchokera ku Burma, mamendulo ali ngwee pachifuwa, koma malaya akuwakhwepa. Mayi Elsie anagula chambo kunyanja, anaphika, anatapa mchere ndi dzanja lawo n'kuthira mumphika anthu akuona. Pamenepo ndi pamene panayambira mlandu.

Paja makolo amati mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina akathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake akadya amadwala mdulo: miyendo kutupa, chifuwa, magazi. N'chifukwa chake mwamuna akachokera ku ulendo akazi ambiri ankaitana kamwana kuti kathire mcherewo, olakwa ndi osalakwa omwe, kuti pasapezeke wonena. Gladys anawanong'oneza amayi ake zimenezo. Iwo anati, “Ndinabatizidwa iwe usanabadwe. Dzanja langa lilibe kanthu, mchere ndithira ndekha.”

Mwezi usanathe a Mose anayamba kulavula magazi, miyendo ili ngati mitondo. Akulu awo a Pitala, amene analinso mkulu wa mpingo, anafika ndi mizu m'kansalu. Taonani munthu wake: Lamulungu Baibulo m'khwapa, Lolemba kwa sing'anga.

“Alamu,” anatero a Pitala, “mbale wangayu mwamudula. Tchulani mwamunayo, muthire mankhwalawa m'phala ndi dzanja lanu lomwelo, munthu achire.”

“Mwamuna wake uti? Ine gogo wa adzukulu, ndayenda ndi yani?”

“Matenda akuyankha okha.”

Mayi Elsie anaona msampha wake. Kuthira mankhwalawo kunali kuvomera chigololo pamaso pa mudzi wonse. Kukana, a Mose n'kufa, ndiye kuti awapha ndi iwo. Munthu mmodzi yekha akanatha kuwachotsa pamenepo. Analowa m'nyumba, a Pitala ali pakhomo akumva, nagwada pafupi ndi mphasa.

“Bambo a Gladys, nenani zoona pamaso pa Mulungu. Chifuwachi chinayamba liti?”

A Mose anayang'ana kudenga. “Chayambira konkuno,” anatero.

Mayi Elsie anatenga mizu ija n'kuiponya kudzala. Anawasamala amuna awo mpaka mapeto, kuwatembenuza, kuwachapira nsalu za magazi, kuwaimbira. A Mose anamwalira mvula zoyamba zisanagwe. Pamaliro akuchimuna anawalozera zala, ndipo patapita masabata akulu a mpingo anakhala pansi n'kuwaletsa Mgonero kufikira atalapa. Alape chiyani? Amuna amene ankalalikira kuti mdulo ndi zachikunja ndi omwewo anaweruza nawo mlandu. Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Wina akanasiya tchalitchi. Mayi Elsie ayi. Lamulungu lililonse ankakhala pa benchi la kumbuyo, la oletsedwa, pamodzi ndi ophika kachasu ndi atsikana otenga mimba. Chikho chinkawadutsa. Adzukulu awo ankanyozedwa kuchitsime kuti agogo anu aakazi anadula agogo anu aamuna. Koma mumtima mayi Elsie analibe nawo mangawa a Mose. Ankati munthu ananena zimene ankadziwa, matenda aja anamupezadi kuno, ndipo ankawatchula m'mapemphero ndi chikondi. Mkwiyo wonse unali pa a Pitala.

Zinakhala choncho mpaka cha mu 1955, pamene bambo wina wa ku Senga Bay, a Sidiki, anafika pamsika wa Khombedza ndi dengu la usipa. Anali Msilamu, msilikali wakale. Atamva kuti mayi akusankha usipawo ndi mkazi wa malemu Sajeni Mose, anawagwira dzanja ndi manja awiri.

“Pepani mayi. Tinali limodzi. Wallahi, ndinkadabwa kuti afika amoyo. Magazi aja anayamba kulavula tili ku Burma, m'sitima yapamadzi ndinkawabisira chitini ndine, kuopa kuti adokotala angawatsekere m'chipatala.”

“Ku Burma?” anafunsa mayi Elsie.

“Chaka chathunthu tisananyamuke.”

Mayi Elsie usipa uja anausiya pomwepo. Msika wonse unali utamva, ndipo nkhani yotero siichedwa. Choncho a Mose ankadziwa. Anaona kuti sajeni wa mamendulo sangavomere kuti wabwera ndi chifuwa chachikulu m'thumba. Kuli bwino anthu anene kuti anabwera wamphumphu, wamudula ndi mkazi. Mkazi amene anamudikira nkhondo yonse, atagwada pamphasa pake.

Loweruka lake akulu a mpingo anabwera, a Pitala ali patsogolo ndi ndodo, maso pansi. Anati mlandu watha, mawa kuli Mgonero, mayi abwerere pamalo pawo.

Mayi Elsie anawayalira mphasa, chifukwa mwambo ankaudziwa. Kenako anawauza. “Ine ndinalumbira pa dzina la Yesu, simunamve. Wabwera wogulitsa usipa, wanena kamodzi, mwamva. Chabwino, ndi mwamuna. Koma alamu, si inu mumatiwerengera kuti wosunga mkwiyo ndi mbale wake asayandikire gome?”

A Pitala anati, “Mundikhululukire ine, alamu.”

“Inu ndinakukhululukirani kale, mulibe nzeru zoti munthu n'kusungira chakukhosi. Ndikunena mng'ono wanu. Zaka zonsezi munandiletsa popanda chifukwa. Lero chifukwa chilipo.”

M'mawa mwake anavala mpango wawo woyera, anatsogoza adzukulu, nakakhala pa benchi lomwe lija la kumbuyo. Wonyamula chikho anafika pa iwo n'kuima, akudikira. Mayi Elsie anapinda manja pachifuwa, misozi ikutsika, napukusa mutu kuti apitirire.