Zitsekerero Zobiriwira za ku Chinyonga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mdadada wathu wa ku Chinyonga unachititsa chisankho chake choyamba, chomwenso chinali chomaliza. Nyumba zinalipo khumi ndi ziwiri m'mizere iwiri: zisanu ndi imodzi kumtunda pafupi ndi mpope wa madzi, zinazo kumunsi moyang'anana ndi chimbudzi. Ife tinali akumunsi. Fungo la kumeneko linali lochindikala moti munkatha kuyanikapo thawulo osagwa. Sindikuwonjeza, thawulolo ndinaliona ndi maso angawa.

M'nyumba yoyamba kumtunda, ya mawindo awiri ndi mtengo wa mapeyala, munkakhala a Jenifa oluka tsitsi ndi anzawo a Mwai, ogulitsa m'sitolo ya nsalu ku Limbe. Kwa zaka zinayi tonse tinkati ndi pachibale. Kenako wina anasuzumira pawindo n'kuona bedi limodzi, mapilo awiri. Pofika masana nkhani inali itakwera kale minibasi: akazi aja akukhala ngati banja.

Eni mdadada, a Chikopa, anali okonda wailesi, ndiye anati nkhaniyi ithe mwa demokalase. Nyumba iliyonse voti imodzi yachinsinsi, kupatula ya oimbidwa mlanduwo. Anakatapa zitsekerero za mabotolo m'golosale mwawo. Zofiira zinali pamwamba, anagawa kumtunda. Zitatha anapitiriza ndi zobiriwira kumunsi, osaganizapo kanthu. Kuseri kwa bafa anaikako zidebe ziwiri zovundikira ndi nsalu, china cha "akhale", china cha "achoke".

Bambo anga, kalaliki wa mu ofesi ina m'tawuni, anali atalengeza kale zotsatira. "A Saidi a lole aja ndi Msilamu, avota achoke. Agogo a Nambewe sajomba kutchalitchi, achoke. Angawasunge ndi anyamata akukoleji tayandikana nawowa basi. Munthu amavota ndi chipembedzo chake ndi msinkhu wake."

Amayi anali ndi maluko atsopano kumutu. Dzulo lake anali atalukitsa tsitsi kwa a Jenifa, mwaulere ngati kale lonse, ndipo ndinawamva akuwauza a Jenifawo kuti, "Achemwali, musadandaule, ife tili nanu." Chitsekerero chathu ndinali nditachiboola ndi msomali kuti chikhale tayala la galimoto yamawaya. Amayi anandilanda, n'kundipatsa khofi lomwe mpaka lero limalira m'khutu mvula ikamabwera.

Lamlungu masana anthu anavota mmodzimmodzi. Poti ndinkakhoza masamu, a Chikopa anandiitana kuti ndiwerenge pamaso pa onse. Mwana sabera mavoti. Ndinakhuthula chidebe cha "akhale": zisanu, zofiira zokhazokha. Cha "achoke": zisanu ndi chimodzi.

Ndikanalekera pomwepo. Koma ine, namba wani wa m'kalasi, ndinafuula kuti, "Ii, izi n'zobiriwira zonse! Amayi, chathu chobooka chija ichi!"

Kunangoti zii, moti ndinamva ntchentche ikutsokomola kuchimbudzi. Mulungu ndi mboni.

A Saidi ndi agogo a Nambewe, akumtunda onse awiri, omwe bambo anawaweruza kale, anali atavota kuti akaziwo akhale. Anyamata akukoleji, ovala mathalauza ong'ambika dala, anali atavota achoke. Sichinali chipembedzo, sunali msinkhu. Mzere wonse wakuchimbudzi unali utaponya diso pa mawindo awiri aja. A Jenifa asanadzuke n'komwe pampando, akumunsi anali atayamba kale kukangana kuti alowemo ndani. Amene ankati nyumbayo ndi yodetsedwa ndi omwewo ankaiyeza ndi maso kuti kabati ikwana pati.

Anapambana ndi amayi, poti ndife tinakhalitsa pamdadadapo.

Lachitatu a Saidi anabweretsa lole, nanyamula katundu wa akaziwo osalandira kanthu. Bedi lija linadutsa pakati pa mizere iwiri, aliyense akuliyang'ana ngati lilankhula. A Jenifa anaima pakhomo pathu, nayang'ana mutu wa amayi.

"Muzipaka mafuta m'mizeremo, achemwali," anatero. "Ndinakoka kwambiri, tsitsi lingathothoke."

Amayi anakhala ndi maluko amenewo milungu isanu ndi umodzi. Anali okongola, koma ine ndikawaona ndinkayang'ana kumbali.

Masiku ano ndimaona m'nyuzipepala mapu a maiko akunja komwe anthu amavotera za ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Amapaka mitundu: akumizinda mwakuti, akumidzi mwakuti, okalamba uku, achinyamata uko. Akatswiri amafotokoza molimba mtima ngati bambo anga. Mwina amanena zoona, kumeneko sindinafikeko. Ine ndimangofuna mapu ena, osonyeza amene ali pafupi ndi chimbudzi ndi zenera lomwe akulisirira.

Tinakhala m'nyumba ija zaka zisanu ndi ziwiri. Peyala la mumtengo uja sindinadyepo ngakhale limodzi. Ndipo fungo lija, ndikulumbira, tinasamuka nalo.