Dengu la Amake Goodness

Mukatsika minibasi pa Nyimba, mukapulumuka kwa amai ogulitsa nthochi aja amene amakuzingani phazi lisanaponde pansi, mufunse kwa amake Goodness otaipa makalata. Aliyense akulozelani kachitseko kobiliwila pakati pa telala ndi malo ometela. Dzina lake lenileni ndi Rosa Joaquim, koma limenelo amaitana ndi a boma okha. Ndi mai wamfupi, wa mau ochepa, ndipo akati ayi ndiye kuti nkhani yatha.

Rosa analowa m'Zambia mu 1987 ali ndi zaka zisanu ndi zinai, atagwila chitenje cha amai ake, kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Bambo ake, a Joaquim, sanafike. Anadwalila panjila, namwalila tsiku lachitatu, ndipo anthu a m'mudzi wina anathandiza kuwaika mothamanga, popanda nyimbo, popanda mtanda. Rosa amangokumbukila kuti kunali dzuwa ndipo iye anali ndi ludzu. Mwa awiliwo, amene ankadziwa malo a mandawo anali amai ake okha.

Anakulila kumsasa wa othawa nkhondo m'boma la Petauke. Anzawo atabwelela kwawo nkhondo itatha, amai ake anakana, amvekele munda ndaugwetsela mitengo ndekha, sindiusiyila munthu. Rosa anaphunzila kutaipa kupalishi pa makina akale aja ogogoda ngati khasu, ndipo mu 2000 anapeza ntchito muofesi ya kopaletivu ya alimi ku Petauke. Kumeneko n'kumene anakumana ndi kompyuta, ya Windows 98, yotuwa, yolila ngati chigayo chakutali. Amene anabwela kudzaphunzitsa anakhala masiku awili, analankhula Chingelezi chothamanga, nadya nkhuku, napita. Zotsala Rosa anafufuza yekha.

Tsiku lina anaona kachithunzi ka dengu pakona pa sikilini. Anakokelamo kalata, kalata ija inasowa. Mtima unangoti phwii. Atatsegula dengulo anaipeza ili khale, ndipo ataiitana inabwelela pamalo pake yosathothoka ngakhale chilembo chimodzi. Tsono musaseke. Mwana wa mlimi akaona dengu aganiza chiyani? Kwawo zinyalala zimatayidwa kudzala, kuseli kwa nyumba, ndipo dzala silibweza kanthu. Ichi chobisa zinthu n'kuzibweza ukachifunsa, Rosa anati n'chosungilamo za mtengo wapatali. Mau a Chingelezi anali pansi pake sanavutike nawo. Sanafunse munthu, ndipo akulu anatha kale kunena za safunsa ndi phula lake.

Mu 2004 anatsegula malo akeake ku Nyimba ndi kompyuta ya XP, ija ya phili lobiliwila ndi mitambo yoyela. Alimi obwela kudzalembetsa makalata ankasuzumila n'kufunsa kuti mundawo ngwandani, bwanji wosalimidwa. Rosa anaikonda XP, anaikonda zenizeni, ngakhale inkatola matenda pa fulashi iliyonse ya mphunzitsi. Dengu linali momwemo, litangosintha maonekedwe pang'ono. Zinthu zake anazinyamula pa madisiketi, kenako n'kuzibwezelamo mwakachetechete.

Amai ake anayamba kufooka mu 2008. Masana ena anakhala pamphasa kuseli kwa desiki nati, "Rosa, lemba. Ndikapita nazo izi, atate wako asowa kawili."

Anafotokoza njila yonse, kuyambila pamalile, midzi, mapili, mitsinje, maina a anthu amene anakumba manda, ndi mtengo umene unali kumutu. Anatha masamba anai. Rosa sanasindikize. Mapepala awo onse a kumsasa anadyedwa ndi chiswe m'sutikesi, ndipo kuyambila pamenepo pepala sankalikhulupilila, ngakhale ntchito yake inali yodyetsa anthu mapepala. Fayiloyo anaiika m'dengu, m'mene makasitomala ogwilagwila sankatsegula. Amai ake anamwalila chaka chotsatila, ndipo iye sanayelekeze kuiwelenganso chifukwa inkamuwawa. Ulendo wokaona mandawo unali wa mailo, ndiye kuti mawa. Goodness akangotsiliza sukulu, mailo. Denga likangokhomedwa malata, mailo.

Makina okha ndiwo sankadikila. Inabwela Windows 7, mawindo ake onyezimila, dengu litasanduka ngati tambula yagalasi. Rosa anadandaula sabata imodzi, kenako anazolowela. Windows 8 anakaionela kwa a Wilbroad Nyendwa, bambo wachikulile wokonza makompyuta pafupi ndi msika, amene kale ankakonza mawailesi. Anayang'ana timabokosi tamitundumitundu todzaza sikilini, anafuna batani loyambila lija la pakona, osalipeza.

"A Nyendwa, nyumba imeneyi alowela kuti?"

"Mungozolowela, amake Goodness."

"Azolowele eni ake."

Anakakamila pa 7 mpaka eni ake anasiya kuisamalila, iye ali pompo. Chinamugonjetsa ndi pulinta yatsopano ya mu 2022, imene inakana kumvana ndi makina akalewo. Sabata yomweyo kunagwa malilo a apongozi ake ku Msanzala. Nthawi zonse kusamutsa ankasamutsa yekha, koma ulendo uno, mutu uli kumalilo, anangosiyila a Nyendwa makiyi nati amuikile Windows 10, abwela Lachinai.

A Nyendwa si munthu wa ntchito yosasamala, tisawanamizile. Mafoda onse anawasunga bwinobwino, ngakhale makalata a anthu amene anamwalila kale. Koma malo m'kompyutamo anachepa, ndipo ataona dengu lodzaza, anachita zimene mmisili aliyense akanachita. Analikhuthula, kenako anaika Windows 10 pamwamba pa yakaleyo.

Lachinai Rosa anafika fumbi lili m'maso, anayatsa, anaona kuwala kwa buluu kwachilendo. Anafuna dengu lake. Linalipo, lamakona anai tsopano, loyela mbee, lopanda kanthu. Anaitanitsa a Nyendwa.

"Za m'dengu mwaika kuti?"

"Zinyalala zija? Ndataya. Zinali za zaka ndi zaka, amai."

Rosa anakhala pansi. Sanakuwe. Anawauza zimene zinali mmenemo, mau ali pansipansi, ndipo a Nyendwa anavula chipewa. Anayamba kupepesa nati madzi akatayika saoleka.

"Amenewo ndi madzi," anatelo Rosa. "Ine ndafunsa za makalata. Zikatayidwa zimapita kuti?"

A Nyendwa anaganiza kanthawi, kenako anathamangila kukazima makinawo. Anafotokoza kuti kompyuta ikataya chinthu sichifafaniza pomwepo, imangozula chikwangwani chake n'kunena kuti malowa ndi opanda mwini. Chinthucho chimakhalabe pansi mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Choncho kalata iliyonse imene Rosa akanataipa kuyambila tsikulo ikanatha kukwilila mau a amai ake.

"Ndiye sinditaipa," anatelo.

Munali mu Okutobala, nthawi imene alimi amakhamukila kudzalembetsa mapepala a feteleza. Rosa anakhoma loko pachitseko. Anthu anang'ung'udza, ena anati wapenga, ena anapita kwa wotaipa wina kutsidya kwa mseu ndipo sanabwelelenso. Iye anakulunga hadi disiki m'chitenje ngati khanda, napita nayo kwa a Nyendwa. Pulogilamu yofukula inayenda masiku awili, n'kulavula mafayilo zikwi zisanu ndi chimodzi opanda maina, manambala okhaokha. Njila inali imodzi, kutsegula imodziimodzi.

Anatsegula. M'mawa uliwonse ankafika a Nyendwa asanasese pakhomo. Anaona makalata ofunsila ntchito, madandaulo a malile a minda, mapulogilamu a maukwati amene ena anatha kale, theka la chithunzi cha Goodness ali wakhanda. Maso anatupa. A Nyendwa ankamugulila nthochi, iye osazikhudza. Anayesa kukumbukila yekha zimene analemba mu 2008, koma wotaipa amamva ndi zala, mau amangodutsa osagona m'mutu. Anakwiya, anadzikwiyila yekha koposa, chifukwa zaka khumi ndi zinai anali ndi njila m'manja ndipo anangoikhalila.

Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chiwili, chakumasana, fayilo ina inatseguka ndi mau akuti, "Ukachoka pamalile." Masamba awili oyamba anali athunthu. Lachitatu linafika pakati, pomwe panalembedwa kuti, "Ukafika pamtsinje wamchenga pali milambe iwili, usawoloke. Ukafunse nyumba ya a", ndipo kuchokela apo panali timabokosi ndi zizindikilo zopanda pake mpaka kumapeto.

"Tiyesenso ndi pulogilamu ina," anatelo a Nyendwa.

"Ayi. Sindikizani zomwezi. Kotsalako ndikafunsa ndi pakamwa."

Ananyamuka Lolemba, mvula isanagwe. Anadutsa pamalile a Chanida, anakwela lole, kenako njinga yamoto, kenako miyendo. Amai ake sananame ngakhale pamodzi: phili linali pamene anati pali phili. Milambe anapeza umodzi, winawo unagwa kale, koma mtsinje wamchenga unali womwewo. Sanawoloke. Anayamba nyumba yoyamba, kuodila, kukhala pansi, kufotokoza za mwamuna wamtali amene anamwalila panjila chaka cha nkhondo, ali ndi mkazi ndi kamtsikana. Anthu ankapukusa mitu. Ofela panjila anali ambili, ankatelo, tidziwa uti? Anayenda masiku anai, mapazi anachita matuza.

Tsiku lachisanu anamulozela kwa a Damiao, bambo wa imvi amene anamupeza akusula khasu pansi pa mtengo wa mango. Anamvetsela mpaka kumapeto osamudula. Kenako anafunsa ngati kamtsikanako kankalilila madzi.

Rosa anavomela ndi mutu.

"Amene anakumba mandawo ndi atate anga ndi ine," anatelo a Damiao. "Tiyeni, amai."

Anamutsogolela kumunda kwawo. Mtengo wa kumutu uja kunalibe, unapita ndi makala. Munda wonse unali wogaulidwa kuyembekeza mvula, mizele yowongoka kuyambila kunjila mpaka kumtsinje. Koma pakati penipeni mizeleyo inkapatuka, n'kukakumananso kutsogolo, kusiya kachigawo ka udzu kotalika ngati munthu wogona.

"Atate anati pamenepa khasu lisadzapite, eni ake adzabwela. Ana anga akhala akundinena kuti ndikuwononga malo."

Rosa anavula nsapato. Analowa m'udzumo, anagwada, nayamba kuzula zitsamba ndi manja, misozi ikugwela m'dothi louma. Atatha kulambula anakhala pansi, anakonza chitenje chake, nalankhula ngati mwana amene wachedwa kubwela kuchokela kotumidwa.

"Atata, ndine Rosa. Tinafika bwino."